Ntchito ku Japan: Zoti Mudziwe Mwana Asanakwere Ndege

Mwezi wathawu titatuluka mumsonkhano wa amayi pa parishi ina, mayi wina anandikodola n'kupita nane kuseri kwa holo. Anatulutsa foni n'kundionetsa uthenga wa pa WhatsApp umene mwana wawo wamkazi analandira. Mtsikanayo anamaliza maphunziro a unamwino zaka ziwiri zapitazo koma mpaka lero akadali pakhomo. Uthengawo unkati ku Japan kukufunika anamwino ambiri, malipiro ake ndi onona, ndipo wofuna atumize msanga ndalama za mafomu ndi viza malo asanathe. "Anesi," anatero mayiwo, "ndili ndi kapuloti kanga pa tauni paja. Ndikagulitse?"

Ndinawapempha kuti ayambe adikira. Ndikudziwa kuti funso limeneli silili m'nyumba mwawo mokha, n'chifukwa chake ndati ndiliyankhe pano kuti tonse timve.

Anthu a ku Japan si achilendo kwa ife ogwira ntchito m'zipatala. Kuyambira 1971 boma lawo lakhala likutumiza achinyamata odzipereka kuno ku Malawi, ntchito imene lero ili m'manja mwa bungwe la JICA. Ndili mtsikana ndinagwirapo ntchito m'wodi imodzi ndi namwino wina wa kumeneko. Komanso mmodzi mwa ophunzira anga akale anapita kukawonjezera maphunziro ku Japan, ndipo uku akuphunzira ankagwira ganyu panyumba yosamalira okalamba. Zina zimene ndilembe pano ndi za m'malamulo a dzikolo, zina ndi zimene ndinaona ndi kumva kwa awiriwa.

Dziko la agogo

Uthenga uja sunaname pa chinthu chimodzi: Japan ikusowadi anthu ogwira ntchito. Dzikoli lili ndi anthu pafupifupi 124 miliyoni, ndipo mwa anthu 100 alionse, 29 ndi a zaka 65 kapena kuposerapo. Kuno kwathu a msinkhu umenewo safika n'komwe 5 mwa 100. M'chaka cha 2024 ana a nzika za Japan amene anabadwa sanakwane 700,000. Ine monga mzamba chiwerengerochi chinandiimitsa mutu, chifukwa sichisiyana kwenikweni ndi cha ana amene amabadwa kuno ku Malawi pa chaka, chonsecho iwo amatiposa kuchuluka pafupifupi ka 6. Ndiye agogo achuluka, owasambitsa ndi kuwadyetsa achepa. M'mafakitale, m'minda, pa zomangamanga, vuto ndi lomwelo. Pofika Okutobala 2024 alendo ogwira ntchito m'dzikolo anali pafupifupi 2.3 miliyoni, ambiri ochokera ku Vietnam, China ndi Philippines.

Zimene lamulo limapereka

Ubwino waukulu wa ntchito ya ku Japan si kuchuluka kwa malipiro ayi, koma chitetezo chimene chimabwera ndi ntchitoyo. Lamulo lawo la zantchito la 1947 limaletsa bwana kusiyanitsa malipiro kapena maola a ntchito chifukwa cha dziko limene munthu wachokera. Mlendo wolembedwa ntchito mwalamulo amalowa mu inshulansi ndi penshoni yomweyo imene mwini dziko amalowa.

Tiyambe ndi inshulansi ya zaumoyo. Mwezi uliwonse pamachotsedwa ndalama pafupifupi 10 peresenti ya malipiro, koma theka amalipira ndi bwana, theka wantchito. Ukadwala umapita kuchipatala chimene ukufuna n'kulipira 30 peresenti ya bilu, yotsalayo imalipira inshulansi. Matenda akakhala aakulu, monga opaleshoni kapena khansa, pali malire a ndalama zimene munthu angalipire pa mwezi molingana ndi mmene amapezera, zopitirira pamenepo salipira. Mkazi kapena mwamuna wake ndi ana amene akukhala naye m'dzikomo amatha kulowa mu inshulansi yomweyo. Kuwonjezera apo, bwana amakakamizidwa kuyezetsa antchito ake kuchipatala kamodzi pa chaka: magazi kuthamanga, mkodzo, chifuwa, maso, makutu. Ndikaganiza za amayi angati amene ndawaona akubwera kuchipatala BP itawagwetsa kale, asanayezetsepo chibadwire, ili ndi lamulo limene ndimalisirira.

Wovulala pantchito, kapena pa njira yopita ndi kuchokera kuntchito, ali ndi inshulansi ina yapadera imene amalipira ndi bwana yekha. Pa penshoni pamachoka 18.3 peresenti ya malipiro, nayonso yogawana pakati. Apa mlendo atchere khutu. Kuti udzalandire penshoni ya ukalamba uyenera kusonkha zaka 10. Amene wabwerera kwawo zaka zimenezo zisanakwane ndalama zake sizitayika zonse: ngati anasonkha miyezi 6 kapena kuposerapo, amatha kupempha kuti am'bwezere gawo lina, koma pempholo lipite zisanathe zaka ziwiri chichokereni m'dzikomo. Wosadziwa amangozisiya.

Maola a ntchito mwalamulo ndi 8 pa tsiku, 40 pa sabata. Ola lililonse lowonjezera limalipidwa ndi 25 peresenti kapena kuposerapo pamwamba, ndipo usiku, kuyambira 10 koloko mpaka 5 koloko m'mawa, pamawonjezekanso 25 peresenti. Munthu akagwira miyezi 6 amapatsidwa masiku 10 a tchuthi cholipidwa, ndipo masikuwo amakwera chaka ndi chaka mpaka 20. Makampani ambiri amalipira thiransipoti yopitira kuntchito, ndipo amapereka bonasi kawiri pa chaka, chapakati pa chaka ndi mu Disembala. Koma ziwiri zomalizazi ndi mwambo chabe, si lamulo. Ngati sizinalembedwe mu kontirakiti, musaziwerengere.

Nanga malipiro enieniwo? Kuyambira Okutobala 2024 malipiro otsikitsitsa anali pafupifupi mayeni 1,055 pa ola tikatengera dziko lonse, ndipo ku Tokyo anali 1,163. Mukasintha m'makwacha mutu umazungulira, ndipo ndi pamene a mauthenga aja amatigwirira. Koma munthu sadya makwacha ku Japan. M'chaka cha 2025 kathumba ka mpunga ka makilogalamu 5 kanadutsa mayeni 4,000, ndiye kuti ntchito ya maola pafupifupi anayi. Inshulansi, penshoni ndi msonkho zikachoka, pa mayeni 100 alionse munthu amatsala ndi cha m'ma 80. Chaka chachiwiri pamabweranso msonkho wa boma la dera limene ukukhala, wowerengedwa pa zimene unapeza chaka chatha, ndipo ambiri umawadzidzimutsa. Nyumba nayo ili ndi zake. Polowa pamafunika dipoziti, wokuimira ngati mboni, ndipo m'madera ena ndalama ina yongothokoza mwini nyumba imene sibwezedwa. Eni nyumba ena safuna alendo. Pa kafukufuku wa unduna wawo wa zachilungamo amene anatuluka mu 2017, pafupifupi anayi mwa alendo khumi amene anafunapo nyumba anati anakanidwapo chifukwa choti ndi alendo. Ndalama yotumiza kumudzi imatsala ndithu, koma si imene mwawerengera pa foni ija.

Mayi woyembekezera

Gawo ili ndilo la kumtima kwanga. Mayi wogwira ntchito ku Japan ali ndi ufulu wopuma masabata 6 asanachire, kapena 14 ngati ali ndi mapasa, ndi masabata 8 atachira. Nthawi imeneyi inshulansi imamupatsa magawo awiri mwa atatu a malipiro ake. Popeza kubereka kwabwinobwino sakutenga ngati matenda, bilu ya kuchipatala imalipidwa ndi ndalama yapadera imene kuyambira Epulo 2023 ndi mayeni 500,000 pa mwana aliyense. Zikatha izi, mayi kapena bambo amatha kutenga tchuthi cholera mwana mpaka atakwanitsa chaka, ngakhale mpaka zaka ziwiri ngati malo kusukulu ya mkomba phala sanapezeke, ndipo amalandira 67 peresenti ya malipiro masiku 180 oyamba, kenako theka. Yerekezani ndi lamulo lathu la zantchito limene limapereka masabata 8 kamodzi pa zaka zitatu.

Mayi aliyense woyembekezera, mlendo yemwe, akakalembetsa ku ofesi ya boma ya dera lake amapatsidwa kabuku ka mayi ndi mwana pamodzi ndi matikiti othandiza kulipira sikelo. Kabukuka kanayamba m'zaka za m'ma 1940, ndipo mumalembedwa zonse kuyambira pakati mpaka katemera wa mwana. N'chimodzimodzi kabuku kathu ka kuchipatala kamene timakukalipirani mukakaiwala kunyumba.

Lamulo limaletsa kuchotsa mayi ntchito chifukwa cha pakati. Komatu lamulo kukhalapo ndi china, munthu kulidziwa ndi kulimba mtima kuligwiritsa ntchito ndi chinanso. Kuzunza amayi oyembekezera pantchito kulipo, mpaka anakupatsa dzina lakuti matahara. Mu Novembala 2020, mtsikana wina wa ku Vietnam amene ankagwira ntchito pamunda wa malalanje m'chigawo cha Kumamoto anabereka yekha m'chipinda mwake mapasa akufa. Pakati ponsepo anabisa, osapita kusikelo, poopa kuti akadziwika abwezedwa kwawo. Anaika matupi a anawo m'bokosi, anawapatsa mayina, n'kulemba kakalata kopepesa. Anamangidwa ndipo makhoti awiri anamupeza wolakwa pa mlandu wotaya mitembo, mpaka khoti lalikulu la dzikolo linamumasula mu Malichi 2023. Chipatala chinali pafupi, inshulansi anali nayo, lamulo linali kumbali yake. Chimene chinamutsekera m'chipinda muja ndi mantha. Ngati mwana wanu wamkazi akupita kunja, kulikonseko, mumuuze m'maso muli gwa kuti akadzaima, ngakhale zitachitika mosayembekezera, adzakuuzeni ndipo adzapite kusikelo. Manyazi tidzathana nawo pambuyo.

Mmene amagwirira ntchito

Mnzanga wa ku Japan uja ankafika m'wodi kutatsala mphindi khumi kuti shifiti iyambe, tsiku ndi tsiku, mvula kaya dzuwa. Ife tinkamuseka. Kwawo, ntchito ikamayamba 8 koloko ndiye kuti 8 koloko ikupeze utavala kale yunifolomu, uli pamalo pako. Sitima ikachedwa, a kusiteshoni amapereka kapepala kaumboni koti ukaonetse kwa bwana. Makampani ambiri amayamba tsiku ndi kamsonkhano kachidule, onse ataimirira, ena mpaka kuchita majowajowa limodzi motsatira nyimbo ya pa wailesi.

Wantchito watsopano amaphunzitsidwa mawu akuti horenso. Ndi chidule cha mawu atatu otanthauza kupereka lipoti, kudziwitsa anzako, ndi kufunsa nzeru. Bwana amafuna adziwe pamene ntchito yafika ngakhale isanathe, ndipo chikalakwika amafuna amve nthawi yomweyo kuchokera pakamwa pako. Ife tinazolowera kuti wantchito wabwino ndi amene amathana ndi vuto yekha osavutitsa akuluakulu. Kumeneko munthu wotere samukhulupirira. Wophunzira wanga uja anandiuza kuti tsiku lina gogo wina anatsala pang'ono kugwa pomutsitsa pabedi, koma iye anamugwira, osavulala. Anaona ngati nkhani yathera pomwepo. Anadabwa kumva kuti ayenera kulemba lipoti, chifukwa kwawoko ngozi imene yangotsala pang'ono kuchitika imalembedwa, amaitcha hiyari hatto, ndipo onse amakhala pansi kukambirana kuti bedi linali lalitali bwanji, pansi panali ponyowa kapena ayi. Palibe anamukalipira. Akanabisa n'kudzadziwika pambuyo, ndi pamene zikanamuvuta. Kunena zoona, mwambo umenewu ndimaulakalaka m'mawodi athu, mmene namwino akalakwitsa mankhwala amayamba waganiza za chilango asanaganize za wodwala.

Amene mwagonapo m'zipatala zathu zaka zapitazi mwina munaona mashelefu olembedwa mayina, mizere yopentedwa pansi, ndi zikwangwani za 5S kapena KAIZEN. Zimenezo zinachokera m'mafakitale a ku Japan ndipo zinafika kuno kudzera ku Unduna wa Zaumoyo mothandizidwa ndi JICA. Mfundo yake ndi yapafupi: chotsa zosafunika, chilichonse chikhale ndi malo ake, sesa, ndipo uchite zimenezi masiku onse mpaka zisanduke khalidwe. Mayi akamataya magazi atachira, mphindi imene mzamba akufufuza mankhwala m'kabati yosokonekera ikhoza kukhala yomaliza. Ku Japan woyendetsa sitima amaloza ndi chala chizindikiro cha panjanji n'kutchula mokweza chimene waona, ndipo anamwino ambiri amachita chimodzimodzi powerenga dzina la wodwala ndi la mankhwala. Woona koyamba amayesa masewera, koma zimachepetsa kulakwitsa.

Pa ulemu, Mmalawi woleredwa bwino savutika kwambiri. Amene anayamba ntchito iwe usanabwere ndi mkulu wako, amati senpai, ngakhale ukumuposa zaka kapena maphunziro. Chilankhulo chawo chili ndi mawu apadera olankhulira ndi bwana kapena kasitomala, monga mmene ife sitinganene "iwe" kwa apongozi. Mmalo mogwada iwo amawerama. Ukamaweruka anzako akadali pantchito umapepesa kuti watsogola, iwo n'kukuthokoza kuti watopa nayo ntchito. Ukapita kutchuthi umabwera ndi kabokosi ka maswiti kapena mabisiketi kogawira anzako onse, chifukwa iwo ndi amene anasenza ntchito yako.

Chovuta ndi kumva zimene sizikunenedwa. Munthu wa ku Japan kawirikawiri sanena "ayi" pamaso. Akakoka mpweya n'kunena kuti "n'zovutirapo pang'ono", kapena "tiganizira", nthawi zambiri wakana. Akamati "hai" uku ukulankhula akutanthauza kuti akumva, osati wavomera. Apanso sitili kutali nawo, ife eni "ndamva, tionana". Kusiyana kwake n'kwakuti pantchito mlendo amayembekezera yankho lomveka, ndiye amadikira chinthu chimene chinakanidwa kale. Pamsonkhano sipotsutsirana. Wofuna kusintha kanthu amayamba wayendera anzake mmodzimmodzi kumva maganizo awo, amati nemawashi, mawu ochokera kwa alimi amene amakumba mozungulira mizu ya mtengo asanauzule kukauwoka pena. Pofika pamsonkhano nkhani imakhala itapsa kale. Inu amene mwakhalapo m'komiti ya bungwe mukudziwa kuti mfundo yongotulukira pabwalo, wapampando asanainong'onezedwe, siyenda. Zimenezi zimachedwetsa zinthu, ndipo wachinyamata wanzeru zake amatha kutopa nazo, makamaka m'makampani akale mmene kukwezedwa kumatsata zaka zimene wakhala osati changu chako.

Palinso mwambo wopita kukadya ndi kumwa limodzi madzulo mukaweruka. Kale kukana kunali kovuta. Masiku ano achinyamata ambiri a komweko amakana, ndipo wosamwa mowa amatha kupita n'kukamwa tiyi wozizira popanda womudabwa.

Tchuthi chilipo, wochitenga ndiye asowa

Apa ndi pamene pagona nkhani. Zabwino zonse ndatchula zija zili m'malamulo, koma mtima wosafuna kulemetsa anzako umachititsa anthu kuzisiya. Antchito ankangosiya masiku awo a tchuthi osatenga, mpaka mu Epulo 2019 boma linachita kulamula mabwana kuti aonetsetse kuti wantchito aliyense wapuma masiku osachepera 5 pa chaka. Tangoganizani, lamulo lokakamiza munthu kupuma! Chinanso chodabwitsa n'chakuti lamulo silipereka masiku olipidwa a matenda ang'onoang'ono. Ukadwala chimfine umadula pa masiku ako a tchuthi. Inshulansi imayamba kukupatsa ndalama kuyambira tsiku lachinayi la kudwala, magawo awiri mwa atatu a malipiro, mpaka chaka ndi theka.

Chilankhulo chawo chili ndi mawu akuti karoshi, kutanthauza imfa yobwera chifukwa chogwira ntchito mopitirira muyeso. Mu 2013 mtolankhani wamkazi wa zaka 31 wa nyumba youlutsa mawu ya NHK anamwalira ndi matenda a mtima atagwira maola 159 owonjezera m'mwezi umodzi, atapuma masiku awiri okha. Boma limaona kuti munthu akamagwira maola owonjezera opitirira 80 pa mwezi kwa miyezi ingapo, moyo wake uli pachiswe, makamaka ku sitiroko ndi matenda a mtima. Kuyambira 2019 anaika malire akuti maola owonjezera asapitirire 45 pa mwezi ndi 360 pa chaka, ngakhale pali mpata wopitirirako nthawi ya ntchito yambiri. Zinthu zasinthako, makamaka m'makampani akuluakulu. Koma mlendo amene ali ndi ngongole kumudzi, ndipo abale akumuimbira foni sabata iliyonse, ndi amene amavomera shifiti iliyonse. Ife otsala kuno tili ndi mbali yathu pa kutopa kwa ana amenewa.

Pali zina ziwiri zimene mtima wa Mmalawi umavutika nazo. Choyamba ndi maliro. Masiku opita kumaliro amaperekedwa ndi kampani mwa malamulo ake, amakhala ochepa, ndipo amawerengera abale apafupi okha. Azakhali amene anakulera, kapena mwana wa achimwene, kampani ikhoza kusawawerengera, chonsecho ulendo wa pandege wokha umadya tsiku lathunthu kapena kuposa. Mwana akamapita, banja ligwirizane kale kuti maliro ena adzalirira komweko ndipo pasadzakhale womunena. Ndipo zikachitika kuti iyeyo ndiye watisiya, dziwani kuti ku Japan pafupifupi mitembo yonse amaiwotcha, ndipo kubweretsa thupi kuno ndi ndalama zambiri. Chachiwiri, Akhristu m'dzikomo ndi ochepa kwambiri, pafupifupi mmodzi mwa anthu 100. Khirisimasi ndi Lachisanu Loyera ndi masiku a ntchito ngati ena onse, ndipo wa mashifiti Lamulungu limatha kumupeza pantchito. M'mizinda ikuluikulu Misa za m'Chingerezi zilipo, ndipo arkidayosizi ya Tokyo ili ndi malo othandiza alendo otchedwa Catholic Tokyo International Center. Kwa munthu amene ali yekhayekha, malo ngati amenewo ndi pamene amapeza womuuza ufulu wake.

Khomo lolowera

Tsopano tibwerere kwa namwino wathu uja. Satifiketi ya unamwino ya kuno siimulola munthu kugwira ntchito ya unamwino ku Japan. Ayenera kukhoza mayeso a boma la Japan, ndipo mayesowo amalembedwa m'Chijapanizi. Mapangano apadera otengera anamwino kumeneko alipo ndi maiko atatu okha: Indonesia kuyambira 2008, Philippines 2009 ndi Vietnam 2014. Ngakhale amenewo amayamba ngati othandizira, ndipo ambiri mayeso aja amawakanika. Choncho uthenga wonena kuti namwino wa ku Malawi angolipira ndalama n'kukayamba unamwino ku Japan ndi wabodza.

Khomo limene lilipo ndi la kusamalira okalamba, amati kaigo: kusambitsa, kudyetsa, kusintha matewera, kutembenuza wogona kuti asachite zilonda, kucheza ndi gogo amene waiwala ngakhale dzina la mwana wake. Ndi ntchito yaulemu koma yolemetsa msana, ndipo malipiro ake ndi otsika poyerekeza ndi ntchito zina za komweko. Kuyambira Epulo 2019 pali viza ya antchito a luso lapadera imene imafuna kuti munthu akhoze mayeso a chilankhulo ndi a ntchitoyo. Mayesowa amalembedwa ku Japan ndi m'maiko ena, makamaka a ku Asia. Vizayi imalola munthu kukhala mpaka zaka 5, koma osatenga mwamuna, mkazi kapena ana. Mayi wa mwana wamng'ono aganize kawiri pamenepa. Amene wagwira zaka zitatu n'kukhoza mayeso a boma a osamalira okalamba amapeza viza ina yotha kuwonjezera nthawi zonse, ndipo amaloledwa kuitanitsa banja.

Pali njira ina yakale, ya 1993, yotenga alendo ngati "ophunzira ntchito". Mtsikana wa ku Kumamoto uja anapita pa njira imeneyi. Yadzudzulidwa kwambiri chifukwa kawirikawiri wantchito saloledwa kusintha bwana, ndipo ambiri amafika ali ndi ngongole yaikulu ya amene anawapezera malo kwawo. Mu 2023 mokha oposa 9,000 anathawa pamalo awo a ntchito. Nyumba ya malamulo ya Japan inavomereza mu 2024 kuti njirayi ithe ndipo ilowedwe m'malo ndi ina pofika 2027.

Kwa achinyamata a kuno, njira yodziwika bwino ndi ya sukulu. Boma la Japan limapereka maphunziro aulere a m'mayunivesite kudzera ku ofesi ya kazembe wawo ku Lilongwe. Palinso ndondomeko ya ABE Initiative, imene inalengezedwa mu 2013, yopatsa achinyamata a mu Africa maphunziro a digiri yachiwiri pamodzi ndi mwayi wophunzira ntchito m'makampani a ku Japan. Wophunzira akapatsidwa chilolezo amatha kugwira ganyu mpaka maola 28 pa sabata, ndipo ena akamaliza amalembedwa ntchito. Njira zimenezi zili ndi mpikisano, koma sizifuna kuti mugulitse munda.

Mphekesera nazo zimauluka. Mu Ogasiti 2025, pa msonkhano wa Japan ndi maiko a mu Africa ku Yokohama, JICA inalumikiza mizinda inayi ya ku Japan ndi Nigeria, Ghana, Tanzania ndi Mozambique kuti pakhale ubale. Nkhani inafala kuti kwatseguka maviza apadera a anthu a mu Africa. Boma la Japan linatsutsa, anthu ena a komweko anakwiya poganiza kuti alendo adzadza m'mizinda yawo, ndipo mwezi wotsatira JICA inathetsa ndondomekoyo. Viza sinalipo chiyambire, koma akathyali amadyera pa nkhani zoterezi. Sitinaiwale za amayi athu amene anakazunzika ku Oman atalonjezedwa ntchito zabwino.

Ntchito yeniyeni ya ku Japan imadziwika ndi izi. Kampani imakhala ndi dzina ndi adiresi zoti mukhoza kufufuza. Imapereka kontirakiti yolembedwa yonena malipiro, maola, malo ogwirira ntchito ndi zimene zizidulidwa. Ndi kampaniyo imene imapempha ku ofesi yoona za olowa ndi otuluka ku Japan chikalata chotchedwa Certificate of Eligibility, ndipo mwini wake amapita nacho ku ofesi ya kazembe kukapempha viza. Wokuuzani kuti mwana apite kaye ngati mlendo wokaona malo, zina zikakonzedwa konko, akumuika m'mavuto, chifukwa viza imeneyo siilola kugwira ntchito. Lamulo la Japan limaletsanso kontirakiti yoika chindapusa kwa wosiya ntchito, ndipo pasipoti ndi ya mwini wake, bwana asasunge. Safunsa anadya phula: musanatulutse tambala, funsani ku ofesi ya kazembe wa Japan ndi ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu.

Mayi aja ndinakumana nawonso Lamulungu lapitali. Mwana wawo anafunsa wotumiza uthenga uja dzina la chipatala chimene akukagwirako ntchito ndi kontirakiti yake, ndipo kuyambira tsiku limenelo nambala ija siyankhanso. Puloti ilipo. Mtsikanayo maganizo a ku Japan sanawataye. Wapeza maphunziro a chilankhulo pa foni ndipo waloweza kale zilembo 46 zoyambirira, zotchedwa hiragana. Ndinamuuza kuti kutsogoloku kuli zina 46, kenako zilembo za kanji zoposa 2,000 zimene munthu amafunika kuti awerenge nyuzipepala. Anaseka, n'kunena kuti mayina a mafupa ndi mitsempha amene tinkawaloweza m'chaka choyamba analinso ambiri.